Mkamwini amene anafika atakhuta

Ku Dedza kunali mmisiri wina wa matabwa, mnyamata wa manja abwino koma wa pakhosi potakasuka. Iyeyu anakonda mtsikana wogulitsa zitenje, kwawo ku Tanga, m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Tanzania. Mtsikanayo anamulola, koma mayi ake anatumiza mawu akuti: "Abwere adzadye pakhomo panga. Munthu ndimamudziwira pa mphasa yodyera. Ndikamuona, m'pamene ndiyankhe."

Mnyamata uja anasangalala ngati mwana wogulidwa nsapato. Anali asanatulukepo m'dziko muno chibadwire. Mtsikana anatsogola kukakonzekera, iye n'kukwera basi ndi amalume ake, n'kulanda mpando wa pawindo.

Abale anga, ulendo unakoma! Basi ikangoima, mabeseni a ogulitsa zakudya ankakwera okha kufika pawindo. Pa Jenda anadya chimanga chootcha. Ku Karonga anamupatsa mbalaga, nthochi zophikira limodzi ndi nyama, mpaka ananyambita zala. Atawoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania, zinthu zinasintha: chilankhulo china, fungo lina, mapiri odzaza nthochi mpaka m'mwamba. Mawu sankawamva, koma chala cholozera chilibe mtundu. Ku Mbeya analoza chipisi chokazingira m'mazira, nati, "Amalume, kodi kwathu mazira timawasungiranji?" Ku Iringa analoza nyama yambuzi yothira tsabola woluma mpaka m'makutu. Misozi mbwembwembwe, koma dzanja osaleka.

Kutsogoloko kunatentha. Malaya anamata pamsana, migwalangwa ndi mitengo ya kokonati ikuthamanga pawindo. Anamwa madzi a nzimbe, anadya chinanazi chotsekemera, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Ankaseka yekha ndi chimwemwe. Ndipo tisamunamizire, zonsezi zinali zabwino. Panalibe chakuba, panalibe chovunda.

Tsono basi inaima komaliza, Tanga ali pafupi. Mayi wina anabwera ndi zitumbuwa za mpunga, zotentha, zonunkhira kokonati. Amalume anagwira mkono wa mnyamatayo.

"Mphwanga, ichi chakoma icho chakoma, pusi anagwa chagada. Siya malo m'mimbamo."

"Chimodzi chokha, amalume. Nanga ndidzazionanso kuti?"

Chimodzi chija chinaitana chinzake, chinzakecho chinaitana abale ake onse. Potsika basi, lamba anali atamasulidwa kale.

Kunyumba kuja anawalandira ndi nthungululu. Mphasa yatsopano inayalidwa pansi pa mtengo wa mango. Mayi wa mtsikana anali atadzuka m'mamawa, osalola munthu wina kukhudza mthiko. Anabweretsa mpunga wonunkhira wophikira nyama, nsomba yaikulu yosambira mu msuzi wa kokonati, ndi nkhuku imene ankaisungira tsiku lalikulu. Chakudya chonse cha m'njira chija chikanachita manyazi pamaso pa mbale zimenezi. Mayiyo anasambitsa mnyamatayo m'manja yekha, n'kukhala poteropo kuti aone.

Mnyamata anatapa mpunga. Unafika pakamwa, koma pakhosi panakana. Anatafuna, anatafuna, thukuta kamukamu. Anatsina kansomba, n'kukabweza m'mbale. Amalume ankadya molimbika kuti abise manyazi, koma amene ankayang'anidwa sanali iwo. Mtsikana anaweramitsa mutu, misozi ili m'maso.

Mayi uja anadikira nthawi yaitali. Kenaka ananyamuka, navundikira mbale imodziimodzi, nalankhula motsitsa. Mtsikana anamasulira: "Akuti munthu wobwera atakhuta, iwo alibe chomupatsa."

Mawa lake mnyamata anakwera basi yobwerera, wopanda mkazi. Mabeseni anabweranso pawindo monga kale, iye osatsegula n'komwe.

Abale ndi alongo, mnyamata uja sanaphonye msewu. Anafika ndithu, pakhomo penipeni, pa nthawi yake. Chimene chinamusowa ndi njala. Ifenso tili pa ulendo, ndipo dziko lili ndi zokoma zambiri zimene Mulungu yemweyo analenga. Lawani, thokozani, palibe akukuletsani. Koma ena a ife sabata yonse timangotsegula windo: nkhani iyi, phokoso ilo, chikhumbo icho, mpaka mtima kudzaza. Tikafika pamaso pa Ambuye, iwo atatikonzera chakudya ndi manja awo, timangotsinatsina, maso ali pakhomo. Mulungu sadandaula ndi munthu wobwera wosauka, wotopa kapena wakuda ndi fumbi la m'njira. Woteroyo amamusambitsa m'manja n'kumudyetsa. Koma mtima wokhuta, ngakhale Mwini phwando alibe pothira. Siyani malo, abale anga. Fikani kwa Iye muli ndi njala.