Mapazi Omangidwa pa Phiri la Nsanjiko

Kalekale, koma osati kale loti anthu nkuiwala, pa msika wa patsinde pa phiri la Nsanjiko panali gulu la akabaza limene linayambitsa mwambo wakewake. Njinga zamagiya, za matayala onenepa zija, zitayamba kupezeka pa kaunjika, iwo anapangana kuti chaka chilichonse mvula isanagwe azikwera phirilo pa gulu, kuchokera pa msika mpaka pamwamba pomwe pali nsanja ya alonda a nkhalango. Lamulo linali limodzi lokha: phazi lisaponde pansi. Amene waponda, chaka chonse ankamutcha Pasinjala. Ndipo kwa munthu wa kabaza palibe chipongwe choposa chimenecho.

Wamkulu pa onse anali a Mofati, bambo wa imvi amene anayamba kupalasa anzawowo asanabadwe. Pa keliyala yawo panakwera amayi apakati, mbuzi, matumba a feteleza, ngakhale bokosi la maliro. Koma chaka chathacho miyendo inawakanika pa chitunda choopsa chotchedwa Pakhosi, ndipo anaponda pansi anthu akuona. Kuyambira pamenepo ngakhale ana ogulitsa zitumbuwa ankawakuwa kuti Pasinjala. Iwo ankaseka nawo, koma dzinalo linkawachititsa manyazi.

Tsiku lokwera litafikanso, Wayisoni, chimphona chonyamula matumba a chimanga ku chigayo, anabwera ndi nzeru. Iye anali ataonapo opalasa a m'tauni, amene nsapato zawo zimakola pa mapedulo.

"Madala, chinsinsi chake ndi chimenecho," anatero Wayisoni. "Phazi likagwira pedulo, mumakankha ndi kukoka komwe. Komanso simungaponde pansi ngakhale mtima utafuna. Bweretsani mapazi kuno."

Anang'amba chubu chakale, nawamanga mapazi pa mapedulo ndi mphirazo, kukulunga ndi kukulunganso monga amamangira thumba pa keliyala. A Mofati nawonso anawonjezera yawo. Limu ya kumbuyo inali yopindika pang'ono ndipo inkakhula buleki, choncho anaimasula bulekiyo kuti isawalemetse. Buleki ya kutsogolo inafa kalekale. Monga akabaza ambiri, iwo ankaimitsa njinga popanikiza chidendene pa tayala. Sanaganize n'komwe kuti chidendenecho tsopano chamangidwa.

"Pokwera phiri buleki ndi ya chiyani?" anatero, anyamata n'kuwaombera m'manja.

Ananyamuka dzuwa likutuluka. Achangu anatsogola mpaka fumbi lawo linazimirira, ndipo kumbuyo kunatsala anthu anayi. Patsogolo panali Wayisoni, amene thupi lake linkamulemera pa mtunda. Kenako Nyadani, mkazi yekhayo pa gululo, wochepa thupi, womata machubu pa msika. Kenako a Mofati. Womaliza anali Lonjezo, mnyamata wofatsa amene anamusankha kutseka kumbuyo kuti wina asatsale yekha.

Poyamba mphira zija zinkagwiradi ntchito, ndipo a Mofati ankaimba kanyimbo. Koma phiri silimva nyimbo. Msewu unasanduka kanjira ka miyala yogubuduka, tayala la kumbuyo likuterera, la kutsogolo likufuna kudzuka m'mwamba. A Mofati anasintha magiya mpaka anafika pa yomaliza, chala n'kumafunabe ina kumene kulibe. Ntchafu zinayaka moto. Thukuta linkalowa m'maso, ndipo dzanja lopukutira panalibe chifukwa manja onse awiri anali atakanirira pa mahandulo. Kukhosi kunauma, malovu akumveka ngati magazi. Kunkangomveka kupuma kwa anthu anayi ndi kulira kwa matcheni.

Atafika Pakhosi, mantha anawagwira a Mofati. Pamenepo njira imapanikizika, kudzanja lamanja thanthwe loima njo, kumanzere phompho loti ukaponyako mwala umatopa kudikira kuti umve kugwa kwake. Chaka chatha anaponda pansi pomwepo, ndipo ndi phazi limenelo limene linawasunga. Tsopano anayesa kusuntha phazi, mphira n'kulibweza. Apa m'pamene anazindikira kuti akangosiya kupalasa, palibe chowaimitsa. Anafuna kukuwa kuti, ndigwireni, ndimasuleni, koma dzina lija la Pasinjala linawatseka pakamwa. Anaimirira pa mapedulo nakankha ndi mphamvu zonse zimene zinatsala.

Tcheni chinaduka.

Mapedulo anazungulira opanda kanthu. Njinga inaima kamphindi ngati ikuganiza, kenako inayamba kubwerera chammbuyo. Anafinya buleki, chogwiriracho n'kungofika pa handulo osagwira kalikonse. Anakoka chidendene, mphira n'kukana. Munthu wosadziwa njinga akanagwa pomwepo n'kupulumuka ndi mabala, koma thupi la a Mofati linazolowera kusagwa, ndipo linkangodziwongola lokha, liwiro likukula. Kumbuyo kwawo njira inkakhota, ndipo kupitirira pokhotapo kunalibe nthaka.

"Lonjezo, thawa! Ndilibe buleki!"

Lonjezo anali ndi kampata kumbali ya thanthwe koti akanadzipanikizapo. Iye sanapite kumeneko. Anapingasa njinga yake pakati pa njira, naweramitsa mutu, nadikira. Anawombana koopsa, ndipo fupa la paphewa la Lonjezo linathyoka anthu akumva. Liwiro la a Mofati linaphedwa pomwepo, koma silinathe lonse. Anagwa cham'mbali, nakhwekhwereka pa miyala, zala zikukanda fumbi, mpaka anapitirira m'mphepete. M'malo mouluka kutali, anatsetsereka motsatira khoma la phompho, ndipo manja awo anakumbatira kamtengo ka msuku kamene kanamera m'ming'alu ya thanthwe, mtunda wa anthu awiri oimikizana kuchokera pa njira.

Analendewera pamenepo, njinga ikulendewera ku mapazi awo. Inkagwedezeka uku ndi uku, ndipo ikagwedezeka mphira zinkatamuka, mawondo akumveka ngati akuzuka. Anayang'ana pansi kamodzi kokha, naona nsonga za mitengo ikuluikulu zikuoneka ngati masamba a therere. Sanayang'anenso. Pafupi ndi nkhope yawo dothi linkayoyoka pa mizu ya msuku, pang'onopang'ono, osaleka. Munthu wamkulu uja analira ngati mwana, akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale.

Wayisoni anataya njinga nathamanga chotsika. M'manja anali atatenga chingwe cha khonje chomangira matumba chimene chinali pa keliyala yake. Anayang'ana uku ndi uku, koma Pakhosi palibe mtengo kapena chitsa choti n'kumangapo. Ndiye anadzikulunga chingwecho m'chiuno, nakhala pansi, naponda mwala wina wotuluka m'mphepete mwa njira.

"Mtengo ndine," anatero. "Koma madalawo sangasiye manja kuti agwire chingwe, ndipo ndi njinga ija sindingawakoke. Wina atsike."

Panalibe wina koma Nyadani. Lonjezo anali gone pansi akubuula. Nyadani anali munthu woti ngakhale pa makwerero sakwera. Anatulutsa lumo limene ankapalira machubu, naliluma ndi mano, nadzimanga chingwe m'khwapa, natsika chafufumimba nkhope itayang'ana thanthwe. Anafika pa msuku, koma mapazi a a Mofati anali m'munsi, choncho anapitirira mpaka analendewera pambali pa njinga, pansi pake palibe kanthu.

"Madala," anatero atachotsa lumo pakamwa, "ndikadula, njinga yanu yapita."

"Dula, mwana wanga. Manja atha."

Mphira ya Wayisoni inali yomangidwa mwaluso, ndipo sinalole msanga. Anadula mphira ya phazi loyamba, kulemera konse n'kupita ku mwendo umodzi, a Mofati n'kukuwa, muzu umodzi n'kuthothoka. Anadula ya phazi lachiwiri magazi akutuluka m'zala zake. Njinga inagwa. Onse anadikira phokoso lake, ndipo litamveka linali laling'ono, lakutali, ngati supuni yagwa m'nyumba ya eni.

Nyadani anakwera kufika pa msuku. Anaona kuti manja a a Mofati ayamba kumasuka okha, ndipo anadziwa kuti chingwecho sichinganyamule anthu awiri. Anadzimasula, nawamanga iwo, iye n'kutsala atakumbatira kamtengo kogwedera kaja popanda chomugwira.

"Koka, achimwene!"

Wayisoni anakoka. Khonje linamudya zikhatho mpaka khungu linasendeka. Mwala umene anaponda unayamba kusuntha, ndipo iye ankaumva ukusuntha, akudziwa kuti ukazuka apita onse. Akanatha kumasula chingwe m'chiuno kuti adzipulumutse, koma anangoluma mano, nakoka dzanja ndi dzanja mpaka mutu wa imvi unatulukira m'mphepete. Anaponyanso chingwe, chili chofiira ndi magazi ake, nakoka Nyadani.

Tsiku limenelo anayi onsewo anatsika phiri wapansi, ndipo palibe amene anatchula za Pasinjala. A Mofati anachira mabala, koma mantha sanawachoke. Anasiya kuvala nsapato za zingwe, chifukwa chilichonse chogwira phazi chinkawatulutsa thukuta.

Mwezi usanathe, mwana wawo wamkazi anabereka mwana wamwamuna, mdzukulu wawo woyamba. Mchombo utagwa, anabwera kudzawauza kuti mwana atuluke m'chikuta, ndipo dzina atche ndi agogo ake. A Mofati analinyamula khandalo.

"Nkhope iyi sindikanaiona," anatero. "Mwanayu atenga dzina la amene anandipatsa moyo pa phiri paja."

Anaitanitsa atatu aja, anthu n'kusonkhana pabwalo. Poyamba atatuwo ankakankhirana mwaulemu, koma dzina la mwana ndi chinthu chachikulu, ndipo aliyense analifuna.

Lonjezo, mkono uli m'nsalu, anati: "Ndikanathawira ku thanthwe, mukanauluka kupitirira msuku uja. Chingwe ndi lumo zikanapeza ndani? Phewa ili akuti silidzanyamulanso katundu wolemera." Ena anavomera. Koma ena ananong'ona kuti pa liwiro lotero munthu saganiza, mwina anangosokonezeka, ndipo ngakhale anatchinga, madalawo anagwerabe m'phompho.

Nyadani anati: "Awiriwa anali pa nthaka. Ine ndinalowa m'kamwa mwa imfa ndi maso anga, ndikudziwa chimene ndikuchita. Chingwe chimene chinkandigwira, ndinachipereka." Amayi analulutira. Koma amuna ena anati kutsika n'kosavuta ngati pamwamba pali wokugwira, ndipo popanda Wayisoni iye akanangokhala wolira maliro woyamba.

Wayisoni anatambasula zikhatho zake zodzala zipsera, nati: "Miyoyo iwiri inadutsa apa."

Pamenepo akazi a a Mofati, a Nachisale, anaimirira.

"Manja amenewo tawaona, bambo," anatero. "Koma si omwewo amene anamanga mapazi a amuna anga? Wotentha nyumba akathandiza kuzimitsa moto timuthokoze?"

Wayisoni anagwetsa nkhope. Koma a Mofati anakweza dzanja.

"Mayi, mapazi ndinapereka ndine, ndipo buleki ndinamasula ndekha. Wayisoniyu ankafuna kundichotsa manyazi."

Wina anati ampatse mwanayo maina onse atatu, nkhani ithe. A Nachisale anakana. Anati maina olembetsa kuchipatala angachuluke, koma dzina loitanira mwana pakhomo, limene adzavomere akamakula, ndi limodzi, ndipo mwini dzinalo ndi amene adzakhale mnzake wa mwanayo moyo wonse.

A Mofati anayang'ana phewa lothyoka, anayang'ana zala zochekeka, anayang'ana zikhatho zosendeka. Akatsegula pakamwa kuti atchule mmodzi, ankaona awiri enawo, ndipo ankamvanso dothi lija likuyoyoka pa mizu ya msuku. Dzuwa linapendeka, khanda likulira m'manja mwawo lopanda dzina.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, a Mofati akudikira ndipo mwana akadalibe dzina. Amutche ndani: Lonjezo amene anatchinga ndi thupi lake, Nyadani amene anatsika n'kupereka chingwe chimene chinkamugwira, kapena Wayisoni amene anakoka onse awiri ndi manja omwewo amene anamanga mfundo?