Nankafumbwe Wolankhula Ngati Apongozi

Vinsenti anali mkamwini kwa Dzoole, koma khasu ankaligwira ngati lotentha. Ntchito yake inali yojambula makatuni pa kompyuta, moti mudzi wonse unkati Talandira anakwatiwa ndi mwamuna wosewera ndi zidole. Iye mtima unali pa chinthu chimodzi: kuti akuchikazi amulole kutenga mkazi wake chitengwa, akakhale naye ku Lilongwe komwe anthu amadziwa kufunika kwa luso lake. Atsibweni a Talandira anali atavomera kale. Kunangotsala mawu a apongozi ake, a Margareta, omwe anati ayankha akakolola.

Bungwe lina la alimi linamupatsa ntchito yopanga kanema wophunzitsa kusunga chimanga. Anajambula nankafumbwe wamkazi, wamimba, duku lili kumutu, koma mawu omuyenera anasowa. M'mawa wina anamva apongozi akukalipira nkhuku pakhonde, atayamba ndi kutsokomola kawiri monga mwa chizolowezi chawo.

"Iwe, ndakuona! Kudya kokha, ntchito ayi!"

Kaya mawuwo ankapita kwa nkhuku zokha, ife sitidziwa. Vinsenti anangomwetulira, n'kubisa foni m'lichero pafupi ndi khonde masiku atatu kuti izijambula mawu a apongoziwo.

"Abambo, izi zikuwotchani," anamuchenjeza Talandira atamva nankafumbwe akukalipira ana ake pa kompyuta. "Mawu a amayi ngakhale wogontha amawadziwa."

"Aa, kanemayu ndi wa ku ofesi. Kwa Dzoole kuno afika ndi ndani?"

Ku ofesi kuja mabwana anaseka mpaka misozi. Anamutcha katswiri, anamugwira chanza ndi manja awiri, ndipo atamufunsa ngati angagawe kanemayo kwa alangizi onse a m'Dowa ndi m'Ntchisi, mkulu wathu anavomera asanamalize n'kufunsa komwe. Kutamidwa kuledzeretsa kuposa kachasu. Anabwerera kumudzi akuimba mluzu, phewa lili m'mwamba.

Lamulungu lina Misa itatha, mlangizi anapachika nsalu yoyera m'kalasi ya pasukulu n'kuitana anthu onse. Nankafumbwe anatulukira m'thumba la chimanga, anatsokomola kawiri, ndipo asanathe kunena "Iwe, ndakuona!" amayi a mphakati anali atagwerana ndi phwete. Maso onse anatembenukira pa benchi yachiwiri pomwe panakhala apongozi aja. A Margareta anaonera mpaka kumapeto osaphethira, kenako anawomba m'manja pang'onopang'ono.

Kutacha a Margareta anaitanitsa ankhoswe. Anakhala pamphasa atafulatira mkamwini wawo monga mwa ulemu, n'kumalankhula kwa mwana wawo ndi mawu ozizira bwino.

"Talandira, uwauze amuna akowo kuti kanema ndamuona, ngokoma zedi. Paja ankati kuno kulibe chogwira, luso lawo likufuna tauni. Nanga mawu amene asekedwa mpaka ku Ntchisi aja anawatola ku Lilongwe? Si pakhonde panga pompano? Ndiye ine ndikhale mfiti yochotsa munthu pamene akupezapo mwayi? Ayi. Akhale, ine ndizilankhula, iwo azijambula."

"Nanga za chitengwa, mayi?" anafunsa nkhoswe wa kuchimuna, mawu ali pansi.

"Tidzakambirana nankafumbwe akadzatha m'Dowa muno."

Vinsenti anayang'ana mkazi wake kuti amuthandize, koma Talandira anali ataweramira pansi, chitenje chili kukamwa, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero mkuluyo ali kwa Dzoole. Akuluakulu sananame: mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.