Tayala Lomwe Lili M'matope

Kumapiri a ku Neno kunali bambo wina wa galimoto. Galimotoyo inali yakale, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo ankanyamulira mbatatesi ndi anthu a matola. Dzina lake sinditchula, chifukwa ena mwa inu mungayambe kufufuza chibale.

Bamboyu anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu, Jesita, anali namwino m'tauni. Mayi ake akayamba kumutama pamjigo, ndowa inkasefukira iwo osaona. Wamng'ono, Velina, ankaimba kwaya. Mawu ake, inu! Koma woimbitsa kwayayo, munthu wa banja lake ndi ana ake, anayamba kumuphunzitsa nyimbo payekha. Nyimbo yanji yophunzira awiri, pomwe zina zonse timaphunzirira pagulu? Lamulungu lina kwaya inaimirira, woimbitsa palibe, Velina palibe. Anali atathawitsana mpaka kuseri kwa phiri, kumalire, komwe njinga yamoto imafika mwini wake akuikankha.

Chaka chisanathe, mwamunayo anawoloka malire n'kusowa. Mwana wa eniake anamusiya ali ndi pakati, m'kanyumba ka anthu osawadziwa.

Bambo uja atamva, analiza galimoto. Anakwera phiri, anatsetsereka, nakafika pa chigwembe china chachinyontho. Pamenepo galimoto inapendekeka. Tayala lina linamira m'matope, linzake linalenjekeka m'malere. Akaponda moto, la m'malere lija limvekere fwiii, kuzungulira ngati lapenga. La m'matope lili duu. Galimoto osasuntha.

Anaisiya pomwepo, nayenda wapansi. Anamupeza mwana wake atakhala pakhonde, miyendo itatupa, maso ali pansi.

"Ababa, bwererani. Phiri ili ine sindingakwere, ndipo galimoto kuno sifika."

Bamboyo anangoti, "Ifika."

Ng'ombe za anthu ndi zomwe zinamukokera galimoto ija kuti abwerere. Anapita nayo kwa makaniko wina wa ku Mwanza, a Bisalomu, nawafotokozera. A Bisalomu anagogoda chibumpha chachitsulo chomwe chili pakati pa matayala akumbuyo.

"Ichi ndi difu, achimwene. Chimagawira matayala mphamvu, koma n'chaulesi. Mphamvu chimathamangitsira ku tayala lomwe likupepukidwa. Lomwe lakanirira chimalimana. Mankhwala ake n'kuikamo loko, kuti mukatseka, onse awiri azungulire pamodzi. Koma mukatero, ma ekiselo anuwa, zitsulo zozunguza matayalazi, athyoka ngati nzimbe. Pafunika olimba. Magiyanso tiwatsitse, izikwera phiri ngati nyerere. Pa tala ndiye muzipitiriridwa ndi aliyense."

Tsono apa ndi pomwe panavuta. Mwezi womwewo Jesita ankakwatiwa. Bamboyo anali atalonjeza kuti galimoto aipenta, aikonza mipando, kuti ikanyamule akwati. Ndalama zochitira zonse ziwiri analibe. Mvula nayo inali pafupi, ndipo ikangogwa, chigwembe chija chimasanduka mtsinje mpaka nthawi yokolola. Velina akanachirira komweko, kopanda chipatala, kopanda mayi.

Mkazi wake anati, "Bambo a Jesita, mwana wotichotsa manyazi ndi Jesitayu. Mumusiye akwere chiphakasa cha galimoto chifukwa cha uja anatiyalutsa? Tumani anyamata akamutenge pa machira, akamusiye kwa azakhali ake, anthu asamuone."

Bamboyo anayankha kuti, "Mayi a Jesita, m'nyumba muno mphamvu zonse zakhala zikupita ku tayala la m'malere."

Anasankha za kunsi kwa galimoto. A Bisalomu anamasula ma ekiselo akale, namanga ena onenepa. Anasintha magiya. Anaika loko kumbuyo, loko kutsogolo. Galimoto inatuluka m'galaja ili ndi dzimbiri lake lomwe lija, chitseko chomanga ndi linya chomwe chija. Kunja osasintha ngakhale pang'ono.

Ndiye mukadamva pamsika! Ena ankati makaniko wamudyera. Ena ankati ndalama yapita kwa kamkazi ka ku Mwanza, mpaka kukatchula mtundu wa chitenje chake. Pa ukwati wa Jesita, akwati anakwera galimoto yobwereka. Ya bambo ake inabwera pambuyo, ikulira ngati chigayo, itanyamula nkhuni ndi mapoto, anyamata a kabaza akuipitirira uku akuimba belu. Azichembere anagwira pakamwa. Bamboyo anavina nawo perekaniperekani bwinobwino, chipewa chili pambali.

Mitambo itayamba kuda, ananyamuka m'mamawa. Potsegula chitseko anapeza mkazi wake atakhala kale m'galimoto, bulangeti lili pamiyendo, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Ndikungofuna ndione komwe kunapita penti wa mwana wanga."

Anafika pa chigwembe chija mvula ikuwaza. Galimoto inapendekeka monga kale. Tayala lina m'malere, lina m'matope. Bamboyo anaima, natseka loko, nalowetsa giya yaing'ono. Sanaponde moto mwaukali. Ndiye tayala la m'matope lija, lomwe kale linkangoti duu, linagwedezeka. Linaluma nthaka. Linatembenuka pang'onopang'ono, matope akulira, ndipo chigalimoto chonse chija, chadzimbiri chija, chinadzuka n'kutuluka! Mayi aja anapezeka akululutira okha.

Anthu a kuseri kwa phiri anatuluka m'nyumba zawo, chifukwa galimoto pakhomo anali asanaionepo. Velina atamva hutala anadzutsa maso ali pakhonde paja. Mayi ake ndi amene anatsika koyamba. Za penti sanazitchulenso. Anamufunditsa bulangeti lija.

Pobwerera, mtsikanayo anapempha kuti agone kumbuyo, amufunditse lona, ndipo adzere njira yolambalala msika. Bambo ake anakana. Anamukhazika kutsogolo, pakati pa iwo ndi mayi ake. Linali tsiku lamsika, dzuwa lili paliwombo. Ndi magiya otsika aja, galimoto inadutsa pamsika mwapang'onopang'ono, moti aliyense anaona bwino. Bamboyo chigongono chili pawindo, hutala akuliza ngati wanyamula mkwati.

"Ndi wanga uyu! Mwamuona? Wabwera!"

Mlungu womwewo chigwembe chinadzaza. Velina anachirira kuchipatala, mchemwali wake namwino uja atamugwira dzanja.

Amayi anzanga, chikondi chathu chili ngati difu yopanda loko. Chimathamangira kwa wopepuka. Wovala bwino timamuchezera, wa mbiri yabwino timamusungira mpando. Koma yemwe wamira m'matope timamupatsa pakamwa pokha, fwiii, kuzungulira m'malere, mpingo osasuntha. Mulungu wathu satero. Sanatidikire pa tala kuti tibwere titasamba. Anatsitsa magiya, natsikira kuchigwembe, ndipo mphamvu yake anaifikitsa kwa wokanirira. Akamutulutsa samubisa pansi pa lona, amamukhazika kutsogolo. Ameneyo ndiye Atate wathu, ndipo ine ndimamunyadira.

Aliyense pano ali ndi Velina wake, ndipo dzina mukulidziwa, paja mumalitchula pamjigo. Tsekani loko. Mvula ili pafupi.