Malata a Gideoni

Ku Nachisaka kunalibe munthu wosadziwa chigayo cha a Gideoni Kamchacha. Chinkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma eni ake ankamveka kuposa chigayocho. Anachoka kwawo opanda nsapato, nakakumba m'migodi ya ku Joni, nayendetsa magalimoto mpaka ku Beira ndi ku Harare, ndipo anabwera ndi lole, chigayo ndi mimba yaulemu. Mayi aliyense wodzagayitsa ankabwerera ndi ufa pamutu ndi mbiri ya maulendowo m'makutu.

Zipani zambiri zitabwera, a Gideoni anati dera lawo liyenera kuyimiridwa ndi munthu amene anaona dziko, osati wongodziwa njira ya ku Dowa Boma. Anaima pa chisankho cha aphungu. Sukulu ya m'mudzimo inali yofolera udzu. Iwo anasasula udzuwo nakhoma malata onyezimira, oti ngakhale woima pamapiri a ku Ntchisi ankatsinzina nawo. Amayi anavina, ana anaimba dzina lawo.

Koma mavoti atawerengedwa, a Gideoni anagwa chagada. Mpando unapita kwa munthu wa chipani china.

M'mawa mwake a Gideoni anaitana akalipentala kuti akasasule malata aja. Akazi awo, a Faines, anawatsekereza pakhomo.

"Bambo a Danieli, akukanani ndi akuluakulu. Ana aja sanavote."

"Akafolere ndi mavoti awowo," anatero a Gideoni, nakwera lole.

Anafika ana ali m'kalasi. Misomali itayamba kulira padenga, aphunzitsi anatulutsa ana, ndipo mudzi wonse unasonkhana, manja ali pakamwa. Panalibe wotukwana, panalibe wolira. Anthu ankangoyang'ana malata akutsika limodzilimodzi, mphepo ya mwera ikulowa m'makalasi ngati kwawo.

Amene anayamba kusuntha anali a Zuberi, mwini golosale yaing'ono pamsika. Anabwereka matenti kwa alimi a fodya naphimba makalasiwo. Kenaka anayenda khomo ndi khomo, la Mkhristu ndi la Msilamu, kumema anthu kukamweta udzu, iwo eni chikwakwa chili m'manja. Mvula isanagwe, ana anali pansi pa denga.

Chaka chisanathe phungu uja anamwalira, ndipo kunalengezedwa chisankho chachibwereza. A Gideoni anati Mulungu wakonza zimene anthu analakwitsa. Chinangotsala n'chakuti chipani chawo chisankhe wochiyimira. Anthu anakakamiza a Zuberi kuti nawonso ayime, a Gideoni naseka mpaka misozi: wogulitsa machesi!

Mwambo wa chipanicho unali wakuti opikisana ayime atafulatira anthu, ndipo aliyense akandande kumbuyo kwa amene akumufuna. Patsikulo a Gideoni anatuta anthu pa lole yawo kuchokera m'midzi yonse, nawadyetsa mpaka kukhuta. Pabwalo la sukulu anaima mu suti ya ku Joni, chifuwa chili patsogolo. Wenzulo italira anamva mgugu wa mapazi, fumbi nkuti koboo. Mumtima anayamba kale kukonza mawu okalankhula ku Nyumba ya Malamulo.

Atauzidwa kuti acheuke, anapeza kumbuyo kwawo kuli mbee. Mzere wonse unali kwa a Zuberi, utazungulira mpaka kuseri kwa makalasi. Munali onse amene anakwera lole yawo, munali akalipentala aja, ndipo pakati pawo munali a Faines, maso ali pansi.

"Inunso, mayi a Danieli?"

"Ndaima kumbuyo kwa amene anafolera ana, bambo."

Mpando umene a Gideoni anaulirira unabweradi kachiwiri, koma unapeza atauzula kale ndi manja awo, msomali ndi msomali. Paja akuluakulu anati, ukapanda mano usamaswe phale.