Maboyila a Wiebe ndi Zipinda Zozizira

Wiebe Hoekstra ankaudziwa mtima wa boyila wa gasi kuposa wa munthu. Ntchito yake mumzinda wa Leeuwarden inali yoyerekeza pa kompyuta momwe maboyila atsopano adzagwirire ntchito asanaikidwe m'nyumba. Mfundo ya maboyilawa ndi imodzi. Madzi akazungulira zitsulo zotenthetsa zipinda n'kubwerera atazizira, nthunzi ya muutsi imasanduka madzi, kutentha kwake n'kutsalira m'nyumba. Akabwerera akadali otentha, phindu limathawira kuchumuni.

Bungwe lina la nyumba za okalamba linamupatsa mdadada umodzi kuti auwerengere, n'kunena kuti zikayenda bwino adzalandira midadada yonse yotsala. Wiebe anauza kompyuta kuti zitsulo za m'zipinda zonse zimakhala zotsegula, ndipo kompyuta inamuyankha zokoma.

"Kagogode kaye pamakomo, ukaone momwe agogowo amakhalira," anatero Marrit, mnzake wa muofesi. "Si amayi ako amakhala momwemo?"

"Iwe, madzi sadziwa agogo," anayankha Wiebe. "Wandiona ngati wakalembera?"

Analonjeza bungwelo kuti gasi wogwiritsidwa ntchito adzatsika kwambiri. Maboyila anaikidwa, chisanu chinabwera n'kupita, koma gasiyo anangotsika mongonyambita. Bungwelo silinakangane naye. Linangopereka midadada ija kwa ena.

Lamlungu lotsatira, kunja kukadali kozizirirako, Wiebe anapita kukamwa khofi kwa amayi ake. Akupachika jekete mukhonde, dzanja linakhudza chitsulo cha pamenepo: zii. Anasuzumira kuchipinda chogona, napeza zenera lili pululu, chitsulo chotseka. Cha pabalaza chokha ndicho chinkatentha, madzi n'kumabwerera kuboyila asanataye ukali wake.

"Amayi, mwatsekeranji zonsezi?"

"Nditenthetsere ndani, makabati? Mdadada wonse uno timatero. Munthu amagona pozizira, mwanawe. Iwe wemwe unakulira m'majuzi awiri, waiwala?"

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Tenga bisiketi yako, nditseke chitini."

Wiebe anatenga bisiketi ija. Kompyuta sinaname, inangobweza zomwe iye anaidyetsa. Yankho lomwe likanamupulumutsira midadada ija linali m'nyumba yomwe ankamweramo khofi Lamlungu lililonse, ndipo linkangofuna funso limodzi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.