Kanyumba Kamene Dorika Anagula Mwakachetechete

Panali mayi wina dzina lake Dorika, wophika m'nyumba ya bwana wina mu tawuni ya Zomba. Anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri ndi ziwiri, akugona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, moyandikana ndi agalu. Mwamuna wake anamwalira kalekale, mwana analibe. Pa dziko lino ankafuna chinthu chimodzi chokha: chitseko chakechake, chokhoma ndi kiyi wake.

Anali mayi waukhondo, wopemphera, wosapempha mchere kwa munthu. Koma anali ndi kamtima kena. Akaona amayi atakhala pamodzi akuseka, ankapotoza khosi n'kunena chapansipansi kuti, "Miseche basi, ntchito alibe." Anthu otere timawadziwa, ena muli nawo pa mzere wanu womwewo.

Maondo atayamba kukana, bwana anamupatsa ndalama zopumira. Dorika anagulitsanso makina ake osokera ndi mbuzi zake zonse za kumudzi. Sanauze munthu. Ngakhale mchemwali wake wa bere limodzi anamubisira, poopa kuti angamuchitire nsanje, kapena kumutumizira ana oti azikhala nawo.

Ndiye m'minibasi anakumana ndi bambo wina wa tayi, nsapato zonyezimira, wonunkhira bwino, wolankhula ngati mkulu wa mpingo. Bamboyo anati akugulitsa kanyumba ku Chinamwali. Anapita kukaona, bamboyo atatengana ndi mnzake wina. Chipinda chimodzi ndi pabalaza, malata atsopano, pansi pa simenti, mpopi panja, mtengo wa mapeyala pakhomo. Dorika anagwira khoma ndi dzanja, misozi inalengeza m'maso. Kukhitchini anaona mtondo ndi lichero, pa chingwe panali diresi la maluwa.

"Mayi a kunyumba anatsogola ku Lilongwe kumene tikusamukira," anatero bamboyo asanafunsidwe.

Dorika anafunsa za kwa amfumu, kuti apita liti kukasintha dzina.

"Mayi, mukapita kwa amfumu lero, mawa abale anu onse amva kuti mwagula nyumba. Tingolemberana pepala, mnzangayu akhale mboni. Dzina tidzasintha mukakhazikika."

Mawu amenewo anamukhalira bwino Dorika. Bamboyo anali atamugwira penipeni pamene pamamuyabwa.

Moyang'anana ndi nyumbayo panali benchi la mayi wogulitsa makala ndi tomato, mayi wa pakamwa posatseka, ndipo tsiku limenelo anali ndi anzake atatu akulukana tsitsi. Dorika akutuluka, mayi wamakala uja anamukodola.

"Asisi, tabwerani kaye kuno. Takhalani pansi pang'ono ndikunong'onezeni."

Dorika anayang'ana manja akuda a mayiyo, n'kuyang'ana chitenje chake choyera.

"Pepani mayi, ine za miseche ayi."

Anadutsa. Tsiku lomwelo anapereka ndalama zonse, analandira kiyi ndi pepala long'amba m'kope.

Anagonamo masabata atatu. Anapaka laimu m'makoma, anadzala maluwa m'zitini, anapachika kalendala ya ku tchalitchi. M'mawa ankakhoma chitseko n'kutsegulanso, kukhoma n'kutsegulanso, kungofuna kumva loko akulira m'manja mwake. Mayi wamakala akamupatsa moni, ankayankha ndi chibwano.

Loweruka lina masana matola inaima pakhomo. Munatsika mayi wowonda, mpango wakuda kumutu, alongo ake awiri ndi amalume awo. Mayiyo ankachokera ku Mayaka, kumene anakhala miyezi iwiri akudwazika mayi ake mpaka kuwaika m'manda. Anapeza mlendo akusesa khonde lake.

Nkhani inapita kwa amfumu, ndipo sinachedwe. Malowo anali a mbumba ya mkaziyo kuyambira kwa agogo ake, tawuni isanafike n'komwe kumeneko. Bambo wa tayi uja anali mkamwini chabe, anabwera pakhomopo ndi chikwama chimodzi ndi wayilesi. Ngakhale malatawo anagula ndi mkaziyo, ndi geni yake ya kaunjika. Nanga mwamunayo ali kuti? Anakwera basi ya ku Joni ndi kamtsikana ka mu saluni ya pamsika, kamimba kali patsogolo. Mboni ija, yosayina bwinobwino ija, inali mchimwene wake wa mtsikanayo. Foni zonse zinali zozima.

Amfumu anatenga pepala la m'kope lija, analitembenuza uku ndi uku, n'kumubwezera.

"Mayi, apa palibe chidindo changa. Musanapereke ndalama, munafunsa ndani?"

Dorika anayang'ana pansi. 

Mkazi wa nyumbayo sanali woipa mtima. Nayenso ankalira, mayi ake ali m'manda, mwamuna ali pa msewu ndi mwana wa eni. Koma nyumba inali yake. Anamupatsa Dorika masiku atatu.

Tsiku lotuluka, wobwera kudzagwira mbali ina ya matiresi anali mayi wamakala yemwe uja.

"Asisi, tonse pa mzere uno tinkadziwa. Tsiku lija ndinkafuna ndikuuzeni kuti nyumbayi ndi ya mkazi, mwamunayo akuthawa."

"Nanga bwanji simunakuwe?"

"Ndikuwe mwamunayo ali chiimire pakhomo? Ndinakuitanani, asisi. Inu munandiyang'ana m'manja."

Kwa bwana anali atalemba kale wophika wina. Kumudzi khola linali lopanda kanthu, ndipo mchemwali wake, atamva nkhaniyo kwa anthu a m'basi, anangotumiza mawu oti amene anagula yekha aone yekha. Ku polisi Dorika anakapereka dzina la bambo wa tayi uja, n'kupezeka kuti nalonso silinali lake lenileni.

Lero Dorika amagona m'kashedi ka makala kuseri kwa benchi lija, chitseko chake ndi chiguduli. Masana amathandiza kuika makala m'majumbo, manja ake akuda kuposa a mwini geni. Akadzutsa mutu amaona mtengo wa mapeyala, ndi maluwa ake a m'zitini amene mkazi wa nyumba uja amawathirira. Kiyi uja akadali naye, anamumangirira kunsonga ya chitenje. Loko anasintha kalekale.

Ndiye inu amene mukusunga kangachepe kuti mugule pokhala, tamverani. Malata ndi simenti mudzaziona ndi maso, koma mwini dothi salembedwa pakhoma. Amamudziwa ndi amayi a pa benchi. Gulani tomato pamenepo, khalani pansi ngakhale benchilo lili ndi fumbi la makala, funsani kuti pakhomopo ndani anapeza mnzake. Mudzatitcha amiseche, chabwino, tinazolowera. Koma tikakukodolani, bwerani.