Mikanda ya Nankhoma

Kalekale, kunali mayi wina wotunga mikanda, dzina lake Nankhoma. Anali ndi ana aakazi asanu ndi mmodzi, komanso mtengwa, Tinenenji, mkazi wa mwana wake wamwamuna.

Gule wa masika atayandikira, Nankhoma anaitana mwana wake woyamba, Dziwenji, namupatsa lichero lodzaza ndi mikanda.

"Mikanda iyi ilipo zikwi ziwiri, mazana anayi ndi umodzi. Ana anga mugawane mofanana, pasatsale ngakhale umodzi. Ukatsala, ndikagulitsa yonse." Atatero, ananyamula khasu napita kudimba.

Dziwenji dyera linamugwira. Anaitana mng'ono wake mmodzi yekha kuseri kwa nkhokwe.

"Tigawane awiri, enawo asamve."

Uwu wako, uwu wanga. Uwu wako, uwu wanga. Mkanda umodzi unatsala.

Anaitana wachitatu. Anagawa, anagawa, umodzi unatsala. Anaitana wachinayi, umodzi unatsala. Wachisanu, chimodzimodzi.

Anaitana chitsiriza. "Tsopano takwana, zitheka," anatero Dziwenji. Anagawa mpaka zala kuwawa. Kamkanda kamodzi kanali gone pakati pa lichero.

"Achemwali, ingokamezani," anatero chitsiriza, onse n'kuseka.

Dziwenji sanaseke. "Amayi adzawerenga. Tikavina m'khosi muli mbee."

Pomwepo Tinenenji anadutsa ndi mtsuko pamutu. Anawapatsa moni, osayang'ana m'lichero, chifukwa anali atazolowera kusaitanidwa.

Dziwenji anayang'ana mkanda uja, nayang'ana mlamu wake. Manyazi anamugwira.

"Alamu, tulani mtsukowo, mukhale apa."

"Ine? Ndine wobwera ine."

"Khalani, tiyese."

Uwu wako, uwu wako, uwu wa alamu. Anazungulira, anazungulira, dzuwa mpaka kupendeka. Mkanda womaliza unagwera m'manja mwa Tinenenji, lichero n'kutsala lopanda kanthu. Aliyense anapeza mazana atatu, makumi anayi ndi itatu.

Tinenenji anali waluso. Anayala yake m'milu isanu ndi iwiri, inakwana. Mulu uliwonse anaugawanso kasanu ndi kawiri, unakwananso, kamulu kalikonse mikanda isanu ndi iwiri. Anawaphunzitsa alamu ake katungidwe ka kwawo, zingwe zisanu ndi ziwiri m'khosi limodzi.

Nankhoma pobwera anawapeza onse pa mphasa imodzi, akutunga.

"Amayi, munadziwa kuti sigawika kwa anthu awiri, atatu, ngakhale asanu ndi mmodzi?" anafunsa Dziwenji.

"Ndinaiwerenga masiku atatu, mwanawe. Chiwerengero chimenechi chimamvera zisanu ndi ziwiri basi. Ana anga ndimawadziwa kuchuluka kwawo. Osadziwa munali inu."

Tsiku la gule anatuluka mondondozana, Tinenenji ali pakati, ndipo amayi a m'mudzi analuluta mpaka mawu kusasa.

Wamva, mwanawe? Pogawa chinthu, yamba wawerenga anthu bwinobwino, pakuti amene wamuiwalayo nayenso ndi wapakhomo.

Nthano yanga ndaitula pomwepa.